Ndiwalembere chiyani anzanga a MBA?

FUNSO

Azakhali,

Ndinatenga digiri ya MBA, ya kayendetsedwe ka bizinesi, ku Polytechnic mu 2018, sukuluyi isanasanduke MUBAS. A kalasi yathu tili ndi gulu pa WhatsApp, ndipo chaka chino tapangana zokakumana ku Mangochi. Mlembi wathu wati aliyense atumize ndime imodzi yofotokoza za ntchito ndi banja lake kuti aike m'kabuku. Zomwe zafika kale zikundifoola nkhongono. Wina wakwezedwa kubanki, wina ali ku Johannesburg, wina Mulungu wamupatsa mapasa. Ine ntchito inandithera kumayambiriro kwa 2024 pomwe kampani inkachepetsa antchito, banja nalo linatha. Panopa ndimaweta nkhuku zamazira ku Lunzu, ana awiri ndikulera ndekha. Patha miyezi isanu ndi itatu ndikungowerenga za anzanga, osayankha kanthu. Kodi ndingotulukamo m'gulumu?

Mayi wa ku Lunzu

YANKHO

Mayi,

Musatuluke, ndipo ndime yanuyo mutumize sabata ino.

Ndiyambe ndi zomwe zinandichitikira. Inenso ndili ndi gulu lotere, la anzanga amene tinkachita nawo maphunziro a ESAMI, sukulu yophunzitsa za kayendetsedwe ka bizinesi, ku Lilongwe. Panali bambo wina wanthabwala, yemwe ankatiphunzitsa masamu a akaunti ena tonse tikasokonezeka. Anangoti zii zaka ziwiri, ife n'kumati watanganidwa. Tinakamva kumaliro ake, kuchokera kwa mkazi wake, kuti nthawi yonseyo analibe ntchito ndipo ankadwala shuga. Pagalimoto yathu pobwerera, awiri ananena kuti kuofesi kwawo ankasowa munthu ngati iyeyo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndipo ndimadzidzudzula kuti sindinamuimbire foni ngakhale kamodzi.

Za ntchitoyo musadziimbe mlandu. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022. Kampani iliyonse yodalira katundu wakunja inamva kuwawa, ndipo anzanu amene anaphunzira za chuma limodzi ndi inu akuzidziwa bwino zimenezi. Simukufunika kudzitchinjiriza pamaso pawo.

Chomwe chandikhudza m'kalata yanu n'chakuti nkhuku mwazitchula ngati mukupepesa. Mayi, imeneyo ndi bizinesi. Tsiku lililonse mumawerengera mtengo wa chakudya cha nkhuku, womwe umakwera chimanga ndi soya zikakwera. Mumadziwa nthawi ya katemera wa chitopa, mumadziwa mathireyi angati atuluka, angati asweka panjira yopita ku Limbe, komanso ogula ati amene amachedwa kulipira. Mnzanu wakubanki uja amasamala ndalama za eni, inu mukayiphonya pang'ono imapita ndi fizi ya ana anu. Zomwe munaphunzira ku Chichiri mukuzigwiritsa ntchito kuposa ambiri a m'gulumo.

Ndiye lembani monga mwini bizinesi. Nenani kuti muli ndi nkhuku zingati, mumatulutsa mathireyi angati pa sabata, ndi madera omwe mumafikako. Kenako nenani chomwe mukufuna, kaya ndi ogula okhazikika ngati sukulu zogonera komweko, mabekale ndi malo ogona alendo, kaya ndi munthu wokuunikirani za ngongole yokulitsira khola. Fumbi ndiwe mwini. M'kalasi ya MBA simulephera kukhala wina amene amasainira zogula za kampani yake, koma sangagule mazira omwe sakudziwa kuti alipo.

Za banja, mlembi sakufuna mbiri yonse. "Ndikulera ana awiri, wamkulu ali Fomu 2" n'zokwanira, ngati ndi mmene zilili. Za kutha kwa ukwati mudzauze mnzanu mmodzi kapena awiri amene mumawakhulupirira, pamaso, osati m'kabuku kamene kadzayenda m'manja mwa anthu osawadziwa. Wina akadzafunsa za bambo ku Mangochi kuja, muyankhe mwachidule kuti munasiyana, n'kupitiriza nkhani ina.

Ngati ndalama ya ulendowo ikukuvutani, muuzeni mlembi mwamseri, musanamizire kudwala. Ndipo musanapite, tsegulani mndandanda wa gululo muone ena amene akhala chete nthawi yaitali ngati inu. Musankhepo mmodzi mumuimbire foni madzulo ano.

Azakhali