Limoti ya Vitz ikugwira pafupi pokha ngakhale mwasintha batire: yambani apa

Achimwene, mwati Vitz yanu ya 2012 yochokera ku Japan, ija yolizira pabatani, limoti yake inayamba kugwira pokhapokha mukafika pachitseko penipeni. Mwagula batire lina pamsika koma tsopano nthawi zina siyikuyankha n'komwe, ndipo wina wakuuzani kuti mungogula kiyi watsopano. Ndalamazo zisungeni kaye. Choyamba tidziwe ngati vuto lili m'limoti kapena m'galimoto, chifukwa kugula kiyi pamene chafa ndi fyuzi n'kutaya ndalama pachabe.

Ngati muli ndi kiyi wa sipeya, muyeseni kuchokera pamtunda womwewo. Akagwira bwino, galimoto ilibe mlandu, vuto lili m'limoti yanuyo. Onse awiri akakanika mofanana, maso akhale pagalimoto.

Mmene mwafotokozeramu, ine ndikukayikirabe batire lomwe mwagulalo. Mtunda kumachepa pang'onopang'ono ndi chizindikiro cha batire lofooka, ndipo mabatire ambiri ogulitsidwa pamphasa amakhala akhalitsa padzuwa kapena ndi achinyengo. Latsopano lenileni mukaliyeza pa multimeter (kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi) limaonetsa 3.2V kapena 3.3V. Likatsika kufika cha m'ma 2.9V, limoti imayamba manyazi. Lachinyengo limatha kuonetsa 3V bwinobwino lili padera, koma mukangodina batani mphamvu n'kugwa. Choncho gulani la Panasonic, Maxell, Energizer kapena Duracell lomata m'paketi yake, musitolo yodalirika, ndipo onani deti lothera ntchito kuseri kwake.

Onaninso nambala. Manambala aja si okongoletsa: CR2032 ndiye kuti m'lifupi 20mm, kukhuthala 3.2mm, CR2025 ndi 20mm ndi 2.5mm, CR2016 ndi 20mm ndi 1.6mm, CR1632 ndi 16mm ndi 3.2mm. Makiyi ambiri a Toyota a zaka zimenezo amadya CR1632, ena CR2032, ndiye tsatirani zolembedwa pabatire lakale kapena m'kati mwa chigoba. Wogulitsa akakuuzani kuti "n'zofanana izi bwana" n'kukupatsani lopyapyala, limalowa inde, koma limagwedera, ndipo zotsatira zake ndi zomwe mukuonazi: lero yagwira, mawa yakana. Ena amasanjikiza CR2016 awiri kuti akwane malo a CR2032. Pamenepo mwapereka 6V ku kabodi ka zamagetsi ka limoti kofuna 3V, mukhoza kukapsereza.

Kutsegula kwake n'kosavuta. Kankhani kabatani ka m'mbali, solani kakiyi kachitsulo kobisika m'katimo, kenaka lowetsani nsonga yake kapena sikuludalaiva yaing'ono yokutira ndi kansalu pampata womwe waonekawo, mupotoze pang'ono. Musanachotse batire jambulani chithunzi kuti mukumbukire mbali ya + inayang'ana kuti. Mabatire ena amabwera ndi kapepala komata kunsi, kachotseni. Ligwireni m'mbali, osati kulipana pamwamba ndi pansi ndi zala zamafuta kapena ndi pulayala yachitsulo.

Mukadali m'katimo, yang'anitsitsani tizitsulo togwira batire. Timaphwatalala munthu akamachotsa batire mokakamiza, kapena kiyi akamagwa pansi kawirikawiri. Tikwezeni pang'ono chabe ndi kamtengo kotokosera m'mano kuti batire lizilowa mothina. Mukaona zoyera ngati ufa kapena zobiriwira, munalowa madzi kapena thukuta. Tsukani ndi isopropyl alcohol (sipiriti wopanda utoto wotsukira zamagetsi) ndi mswachi wofewa, musiye ziume musanabweze batire. Sipiriti wapepo uja amasiya utoto, ndipo WD-40 ndi wa maboti adzimbiri, osati kabodi ka limoti. Kiyi akagwera m'madzi kapena akachapidwira m'thumba la thalauza, chotsani batire nthawi yomweyo osadina batani lililonse, tsukani monga ndanenamu, muumike pamthunzi podutsa mphepo tsiku lathunthu. Zomukwirira mumpunga zija sizichotsa dzimbiri.

Kenaka dinani batani lililonse mukuyang'ana kanyali kofiira ka pa limoti. Kakayaka pa batani lotsegula koma osayaka pa lokhoma, batire lili bwino, chafa ndi kaswitchi ka pansi pa batanilo. Timaswitchi timeneti timathothoka pomwe anatiwotcherera, makamaka kwa anthu odina ndi mphamvu zonse batire likayamba kufooka. Wokonza mafoni wa dzanja labwino amabwezeretsa kapena kuika kena m'mphindi zochepa. Muuzeni aonenso miyendo ya chogwirira batire, nayo imasweka pamalo owotchererapo moti ndi maso okha simungaone msanga. Paja pali ena amati lozani limoti pa kamera ya foni muone ngati ikuwala. Zimenezo zimagwira pa limoti ya TV chifukwa imatumiza kuwala kwa infrared. Ya galimoto imatumiza mafunde a wailesi, kamera singaone kanthu. Odula makiyi ambiri ali ndi kachipangizo koyezera mafundewo, mumangodina pafupi n'kuona ngati ikutumiza.

Tiyerekeze kuti limoti ikutumiza, kapena makiyi onse awiri akukana. Yambani ndi zitseko. Galimoto ikaona kuti chitseko china kapena buti sizinatsekeke, imakana kukhoma, ndipo Toyota zambiri zimalira kwa masekondi angapo kukuchenjezani. Kaswitchi ka pamphuthu ya chitseko kakafa, galimoto imayesa chitseko n'chotsegula ngakhale mwamenyetsa. Muona nyali ya chitseko pa dashibodi ili chiyakire. Yezani batire lalikulu injini itazima: labwino limakhala pa 12.4V mpaka 12.6V, ndipo likatsika kufika cha m'ma 12V zamagetsi zimayamba misala. Onani mafyuzi a zokhomera zitseko ndi a nyali ya m'kati. Pa Toyota amalembedwa mayina ngati DOOR, D/L, DOME kapena ECU-B pachivundikiro cha bokosi la mafyuzi. Yopsa isintheni ndi ya nambala yomweyo, osamangapo waya. Koma ngati mukadina ma indicator akuphethira ndipo zitseko zitatu zikukhoma, chimodzi chokha n'kukhala chete, limoti ilibe vuto. Chafa ndi kamota ka m'chitsekocho, kapena mawaya aduka m'mpira uja wa pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto.

China chimene anthu amachiiwala ndi kusokonezeka kwa mafunde. Ngati imakana pamalo amodzi okha, monga pafupi ndi nsanja ya mafoni kapena ya wailesi, koma kunyumba ikugwira, palibe chokonza. Machaja otchipa a pa soketi ya ndudu, mababu a LED otchipa, makamera a pa galasi ndi ma tracker oikidwa mwachisawawa nazonso zimaphimba mafunde. Zulani zonse mwawonjezera posachedwa muyesenso. Kiyinso asamagone pafupi ndi TV, laputopu kapena chaja ya foni, ndipo asamakhale pafupi kwambiri ndi galimoto usiku wonse, chifukwa amangokhalira kulankhulana nayo batire n'kutha msanga. Makiyi ena a Toyota atsopanoko amagonekedwa dala: mukagwira batani lokhoma n'kudina lotsegula kawiri, kanyali kamaphethira kanayi, kiyi n'kusiya kumva galimoto. Kudina batani lililonse kumamudzutsa.

Pakadali pano musagone panjira. Tsegulani chitseko cha dalaivala ndi kakiyi kachitsulo kaja, pondani buleki, gunditsani limoti, mbali ya chizindikiro cha Toyota, pa batani lolizira, mukamva kabelu kulira dinani batanilo. Injini imalira ngakhale batire la limoti litafa, chifukwa kachipu ka immobiliser (chitetezo choletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo) sikadalira batirelo, kamalandira mphamvu kuchokera ku koyilo yozungulira batani. Kakiyi kachitsuloko muzikayesa apo ndi apo, loko wosagwiritsidwa ntchito zaka zambiri amauma.

Kwa anzathu a makiyi olowetsa potembenuza amene mukuwerenga nawo: mukamasintha chigoba chosweka, m'chakalecho mumakhala kachipu kakuda kakang'ono kapena kagalasi konga njere ya mpunga. Mukakaiwala, zitseko zidzatseguka koma injini sidzalira, nyali ya security ikungophethira. Musataye chigoba chakale musanalize galimoto.

Zonsezi zikakanika, ndiye tikambe za kiyi wina, ndipo apa m'pamene ambiri amaluzira ndalama. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimagwiritsa mafunde a pakati pa 312 ndi 315 MHz, pamene za ku Ulaya ndi South Africa zili pa 433 MHz. Kiyi wotumizidwa ndi m'bale wa ku Joni akhoza kufanana ndi wanu ndendende kunja, koma galimoto sidzamumva. Tsegulani wanuyo, jambulani manambala a pa kabodi, mugule wofanana nawo. Smart key (kiyi wa galimoto yolizira pabatani) wa Toyota amene anagwirapo pa galimoto ina amakhala womangika ku galimoto imeneyo, salowa kwina mpaka atafufutidwa ndi makina, choncho funsani wogulitsa ngati zimenezo zachitika musanalipire. Kulembetsa kiyi kumachitika ndi kompyuta kudzera pa soketi ya OBD ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, ndipo n'kosavuta pamene muli ndi kiyi mmodzi amene galimoto ikumuzindikira. Onse akatayika kapena kufa, ntchito imakula ndipo mtengo umakwera kwambiri. Kuchotsa thamino ya batire lalikulu sikulembetsa kiyi, musavutike nazo.

Mukapita kokalembetsa tengani makiyi onse muli nawo, chifukwa wina akafufuta mndandanda wakale, kiyi amene watsala kunyumba amasiya kugwira. Musanachoke pamalopo yesani kiyi aliyense payekha, enawo ali kutali ndi galimoto: kukhoma, kutsegula, kugwira chogwirira chitseko, ndi kuliza injini. Mutiuze nambala ya batire mwaikalo ndi zomwe multimeter yaonetsa, komanso ngati kanyali kofiira kakuyaka pa mabatani onse.