Osati aliyense ali kundende ndi wakuba, yankho kwa achimwene aja

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji anthu a zamaufulu amangolira zoti akaidi akudya kamodzi patsiku komanso akugona mothithikana pomwe anthuwo anakalowa okha chifukwa cha kuba ndi kupha, mukuti azivutika basi kuti aphunzire, ndipo ngati ndende zadzaza boma lingomanga zina. Ndikukumvetsani ndithu, munthu amene anabeledwapo mbuzi zonse mkhola kapena kuthyoledwa nyumba usiku ana ali mkati sangamve zachifundo, mtima umawawa ndipo palibe angakuletseni. Koma ndiloleni ndiyankhe motalikirapo chifukwa nkhani iyi imandikhudza kwambiri.

Choyamba chomwe ambiri sitidziwa nchakuti mkatimo muli anthu ambirimbiri omwe khoti silinawapeze olakwa. Ali pa rimandi, akungodikira mlandu. Constitution yathu pa section 42 imati munthu akamangidwa azipititsidwa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopatsidwa belo pokhapokha pali chifukwa chomveka chomukanizira. Mu 2010 anakonzanso lamulo la kayendetsedwe ka milandu nkuika malire, milandu ya kwa majisitireti munthu asapitilire masiku 30 akusungidwa mlandu usanayambe, milandu ikuluikulu ngati yakupha masiku 90, khoti litha kuonjezerako pang'ono basi. Papepala zili bho. Koma pitani ku Maula, ku Chichiri kapena ku Mzuzu mukafunse, mupeza anthu atha chaka, ena zaka, mlandu osayamba, mawa akuti fayilo yasowa, mkuja galimoto ilibe mafuta yoti iwatengere kukhoti, tsiku lina mboni sizinabwere, wapolisi amene ankafufuza anamusamutsa. Ena belo anapatsidwa kalekale koma ndalama yake alibe, kapena abale ali kutali kumudzi sakudziwa nkomwe kuti munthu wawo ali mkati kuti akamuimire. Ndiye mukamati azivutika kuti aphunzire, ameneyu aphunzire chani poti mwina sanalakwe? Wandalama amapeza loya nkutuluka tsiku lomwelo, wotsala mkatimo ndi mmphawi.

Mukukumbukira nkhani ya vakabu? Mayeso Gwanda anali venda wogulitsa majumbo, anamugwira mbandakucha mu 2015 ku Blantyre akupita kukagulitsa malonda ake, mlandu wake woti wapezeka akuyenda nthawi yosayenera basi. Anakamang'ala ndipo mu 2017 High Court inagamula kuti ndime ija ya vakabu ikusemphana ndi Constitution. Tangoganizani zaka zonse zija ndi anthu angati analowa mchitokosi chifukwa chongoyenda wapansi usiku, pomwe wa galimoto palibe amamuimitsa kumufunsa kuti ukupita kuti.

Tsopano za mmene zilili mkatimo. Ine ndinayenderako m'bale wanga wina kundende ina, sinditchula, ndipo zomwe amandiuza mpaka lero zimandisowetsa mtendere. Amatsekeredwa dzuwa likadali pamwamba mpaka mmawa, selo yomangidwira anthu ochepa mwadzaza anthu moti ena sagona, amakhala chokhala usiku onse wina kutsogolo wina kumbuyo miyendo nkutupa, malo abwino a mmbali mwa khoma amagawa ndi anyapala, akaidi oyang'anira anzawo mselo, ndipo wopanda kanthu sawaona. Chakudya ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo kamodzi patsiku, tsiku ndi tsiku, ndiye mu 2022 tinamva tonse pa wailesi kuti ndende zina zinakhala masiku akaidi osadya chifukwa chakudya chinatha. Izi sizonena ine ndekha ayi. Mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano, mkaidi amene anasumira boma mmalo mwa akaidi anzake onse, khoti linanena poyera kuti kuthithikana kumeneku ndi kusowa kwa mpweya mmaselo ndi nkhanza zonyozetsa umunthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Miyezi 18 inatha kalekale abale, ndende zathu zikusungabe anthu kuwirikiza kawiri kapena kuposa pa mlingo wake. Ya Zomba ija ndi ya nthawi ya atsamunda, ndipo ngakhale lamulo loyendetsera ndende tinakhala zaka zambirimbiri tikugwiritsa la 1956.

Mwina munena kuti nanga ine zikundikhudza chani. Zikukukhudzani kwambiri. TB imakonda malo othithikana opanda mpweya, ndipo siidziwa mpanda wa ndende. Asilikali a ndende amaweruka kupita kwa ana awo, abale amabwera kudzazonda, akaidiwo amatuluka nkukwera minibasi yomweyo mukukwera inuyo. Komanso pafupifupi onse amene ali mkatimo adzatuluka tsiku lina, si onse ali moyo wonse ayi. Mnyamata wa zaka 19 waba nkhuku kapena foni, mwamuika selo imodzi ndi akatswiri othyola nyumba kwa zaka ziwiri, wavutika ndi njala, wazunzidwa, akutuluka alibe luso lililonse, kumudzi akumusala, ntchito palibe amulembe. Mukuganiza kuti abwera ataphunzira chani? Abwera ndi manambala a anzake atsopano ndi mtima wouma. Kuvutika kumene mukukufunako kumabwerera kwa ife tomwe.

Zomanga ndende zina sindikukana, zakalezi zina nzofunikadi kugwetsa. Koma kumanga kokha kuli ngati kutunga madzi mnyumba yodontha osakwera padenga kukatseka, mumanga lero chaka chamawa yadzaza, ndipo ndalama yake ndi misonkho yathu yomwe ikusowa mzipatala. Pofunika kukonza ndi pakhomo polowera. Njira zilipo kale mmalamulo athu, sizachilendo. Pali community service, woti chilango chake nchosapitilira miyezi 12 atha kumagwira ntchito pachipatala, pasukulu kapena pamsika akugona kwawo, ana ake akudya, boma osamudyetsa. Pali chilango choimika kwa amene walakwa koyamba. Pali ma camp court, majisitireti kupita kundende komweko kukamva za anthu a rimandi, ndipo ma paralegal a PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo omwe si maloya, akhala akuthandiza zimenezi kuyambira cha mma 2000, kuphunzitsa akaidi mmene angapemphere belo ndi kusakasaka abale awo kumidzi. Milandu ing'onoing'ono yambiri mafumu athu amatha kuithetsa, wakuba abweze mbuzi ndi chipepeso pamwamba, mwini mbuzi apezeko kanthu. Panopa wakuba akapita kundende inu obeledwa mumapeza chani? Palibe, mbuzi yapita ndipo mukumudyetsanso ndi msonkho wanu.

Ndisanamizidwe kuti ndikuikira kumbuyo zigawenga. Wopha munthu, wogwililira mwana, wothyola nyumba ndi zikwanje, ameneyo akhale mkati ndipo akhalitse. Ndende ndi ya anthu amenewo, ndipo ikapepukidwa asilikali angathe kuwayang'anira bwino. Chilango chake ndi kulandidwa ufulu, kutalikirana ndi ana ako, zaka zako kupita, chimenecho nchowawa kale. Jaji sanalembe kuti akadwale TB kapena akagone ndi njala. Ndipo tisaiwale mbiri yathu, nthawi ya chipani chimodzi anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, wolemba ndakatulo Jack Mapanje anakhala kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Nchifukwa chake olemba Constitution ya 1994 anaikamo ufulu wa omangidwa ndi Inspectorate of Prisons yoyendera ndende, ankadziwa kuti chitseko chija chimatsekera aliyense, andale omwe amazindikira zimenezi akachoka m'boma.

Za chikhululukiro cha pulezidenti pa 6 July kapena pa Khrisimasi zomwe ena mwatchula mmakomenti, pamenepo ndikugwirizana nanu pang'ono. Chimathandiza kupepuza ndende inde, koma chizichitika poyera, tizidziwa kuti asankhidwa bwanji, okalamba, odwala kwambiri, amayi a ana aang'ono ndi amene atsala pang'ono kumaliza akhale patsogolo, osati odziwana ndi akuluakulu. Ndipo obeledwa kapena ofedwa aziuzidwa, asamangokumana naye munthu pamsika.

Kwa amene muli ndi m'bale pa rimandi mugulu muno, musangokhala kunyumba nkumapemphera kokha. Pitani kukhoti komwe kuli mlandu mukatenge nambala ya mlandu ndi tsiku limene anamangidwa, werengani masiku, ngati apitilira malire aja pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba komanso mmaboma ena, ntchito yawo ndi kuthandiza osakwanitsa kulipira loya. A CHREAA, bungwe loona za ufulu wa anthu, nawonso amatsata nkhani za akaidi. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakuuzeni kuti mulipire. Ndipo mukamapita kukazonda mutengereko sopo ndi kachakudya, kaya ndi usipa ndi ufa pang'ono, mufunse kaye pageti zomwe amalola kulowetsa.