Bafa lobowoka la a Struever ndi chigwa cha mtsinje wa Illinois

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira za mbiri yakale ku yunivesite. Aphunzitsi ake anawauza kuti alembe za Stuart Struever, katswiri wofukula zinthu zakale wa ku America, ndipo iye atafufuzafufuza anakhumudwa. Funso lake linali lakuti: munthuyu sanapeze golide, sanatulukire manda a mfumu, nanga n'chifukwa chiyani ofukula zinthu zakale amamutchula mwaulemu chonchi akamakamba za kafukufuku wa m'zigwa za mitsinje?

Achemwali, mwafunsa bwino, ndipo golideyo musamufunefune chifukwa kulibe. Chimene a Struever anasiya ndi kagwiridwe ka ntchito. Kuti mukamvetse, tiyambire mumtsinje, madzi ali m'mawondo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, a Struever ankakumba pamalo otchedwa Apple Creek, m'boma la Illinois ku America. Nthawi imeneyo wofukula ankasefa dothi pa sefa wa mabowo aakulu, n'kutola mapale, misonga ya mikondo ndi mafupa aakulu. Zonse zodutsa pa sefa zinkapita kudzala. Katswiri wa zomera, Hugh Cutler, ndi amene anawatsina khutu kuti ayese kuviika dothilo m'madzi. A Struever anatenga bafa lachitsulo, n'kulichotsa pansi, n'kuikapo sefa wa timabowo ting'onoting'ono. Munthu mmodzi ankaima mumtsinje atagwira bafalo likumira pang'ono, akulipotoza uku ndi uku, mnzake akuthiramo dothi. Dothi losalala linkapita ndi madzi, miyala inkatsalira pansi, koma zopepuka zinkayandama: timakala, njere zopserera, zikhokho za mtedza, timinga ta nsomba. Zoyandamazo ankaziwengula ndi kasefa ka tiyi. Njira imeneyi ndi imene akatswiri amaitcha flotation, ndipo mu 1968 a Struever anailongosola m'magazini ya American Antiquity.

Si iwo anali oyamba padziko lapansi kuviika dothi m'madzi, ndipo mukalemba kuti anatulukira okha, aphunzitsi anu akudulani malikisi. Chimene anachita ndi kusandutsa njirayi kukhala ntchito ya tsiku ndi tsiku, yochitika pa dothi lambirimbiri. Zotsatira zake zinaoneka msanga, kutali kwambiri ndi Illinois. Frank Hole ndi Kent Flannery atakumba ku Ali Kosh m'dziko la Iran mu 1961, analemba kuti zotsalira za zomera zinali zochepa pamalopo. Atabwerera mu 1963 n'kuyesa njira ya madzi ija, anapeza njere zoposa 40,000. Malo omwewo, anthu omwewo. Njerezo zinalipo kale, ankangozitaya.

Tsono njere ukazipeza, ndani akuuze kuti ndi za chomera chanji? Kaminga ka nsomba, ndani angadziwe kuti ndi ka nsomba ya m'madzi othamanga kapena ya m'thamanda lotsalira madzi osefukira akaphwa? Apa ndi pamene bafa lija linabala china chachikulu. A Struever anaona kuti pulofesa mmodzi ndi ophunzira ake ochepa, okumba miyezi iwiri ya tchuthi kenako n'kubalalika, sangayankhe mafunso oterewa. Panafunika malo okhazikika, akatswiri a maphunziro osiyanasiyana okhala pamodzi chaka ndi chaka, onse maso ali pa chigwa chimodzi.

Chigwa chimene anasankha ndi chakumunsi kwa mtsinje wa Illinois, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 mtsinjewo usanathire mu Mississippi. Likulu analiika m'katauni kakang'ono ka Kampsville, ka anthu mazana ochepa chabe, kumene nyumba zakale ndi masitolo otsekedwa anazisandutsa malabotale. Bungwe limene anayambitsa mu 1953, ali mnyamata wa zaka 22, ndi limene lero limatchedwa Center for American Archeology. David ndi Nancy Asch ankaona za zomera. Karl Butzer, ndipo pambuyo pake Edwin Hajic, anafufuza mmene mtsinje ndi zitunda zinasinthira m'zaka masauzande. Jane Buikstra anatenga mafupa a anthu, kuwerengamo matenda, zakudya ndi ubale, ndipo nthambi ya kafukufuku wa mafupa a anthu akale imene lero imatchedwa bioarchaeology inakulira m'manja mwake m'chigwa chomwechi. Kunalinso ena a mungu wa maluwa, a mafupa a nyama, mpaka a nkhono. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumeneko kunalidi munthu amene ntchito yake inali kuyang'anitsitsa zigoba za nkhono, chifukwa mtundu wa nkhono umaulula ngati pamalo panali chinyontho kapena pouma, nkhalango kapena udzu.

Nanga bwanji chigwa chonse, osati malo amodzi okoma? Chifukwa anthu akalewo sankakhala phee pamalo amodzi. Banja lomwelo likhoza kugwira nsomba kudambo, kutola mtedza wa hickory kuzitunda nyengo yake ikafika, kusaka agwape kwina, n'kukaika maliro pamwamba pa phiri loyang'ana mtsinje. Ukakumba malo amodzi okha, waona kachigamba ka moyo wawo, ndipo ukhoza kulakwitsa n'kunena kuti anthuwa ankangodya nsomba basi. Mtsinje ndiwo umamanga malo onsewa pamodzi.

Ganizo limenelinso silinayambe ndi iwo. Gordon Willey anali atayendera chigwa cha Virú ku Peru mu 1946, Robert Braidwood anali atatenga akatswiri a zomera, a nyama ndi a miyala kupita nawo ku Jarmo ku Iraq, ndipo Richard MacNeish ankachita zofananazo m'chigwa cha Tehuacán ku Mexico. Kusiyana kwake n'kwakuti enawo anali maulendo: kupita, kukumba, kubwerera. A Struever anamanga mudzi.

Dzina lawo linamveka kwambiri chifukwa cha Koster, munda wa chimanga m'dera la Greene County, umene unakumbidwa kuyambira 1969 mpaka 1978. Malowa ali m'tsinde mwa chitunda, ndiye anthu akasamuka, dothi lokokoloka kumtunda linkakwirira bwinja lawo, ena n'kudzamanga pamwamba. Zinachitika motero mobwerezabwereza kwa zaka masauzande, mpaka ofukula anatsika mamita pafupifupi 10, mudzi pansi pa mudzi, pakati pali dothi lopanda zotsalira za anthu lowalekanitsa. Dzenje lotere limadya ndalama koopsa, ndipo apa a Struever anaonetsa luso lina limene anzawo ambiri analibe: kupempha. Ankalankhula kwa amalonda, kwa atolankhani, kwa aliyense womvera. Alendo ankabwera miyandamiyanda kudzasuzumira m'dzenjemo, ndipo ana asukulu ndi akuluakulu omwe ankalipira kuti aphunzire kukumba.

Kwa ine chachikulu chimene chigwachi chinatipatsa si kuya kwa dzenje koma njere. Kale anthu ambiri ankaganiza kuti ulimi unafika m'chigawochi pamodzi ndi chimanga chochokera ku Mexico. Njere zopserera za m'chigwa cha Illinois ndi malo ena zinasonyeza kuti eni dziko anali atayamba kale kulima zomera zakwawo: maungu, mpendadzuwa, goosefoot amene ndi m'bale wake wa quinoa, ndi marshelder. Pamalo otchedwa Napoleon Hollow panapezeka njere za marshelder zazikulu kuposa zakutchire, chizindikiro chakuti anthu ankasankha mbewu, ndipo n'zazaka zoposa 4,000. Chimanga chinadzakhala chakudya chodalirika zaka zongopitirira pang'ono 1,000 zapitazo. Lero kum'mawa kwa North America kumawerengedwa pakati pa madera ochepa padziko lapansi amene anthu anayamba ulimi paokha.

M'nkhani yanuyo musangoyamikira. Mafupa ambiri amene anaphunziridwa m'chigwamo anachokera m'manda a makolo a anthu amene alipo mpaka lero, ndipo m'zaka zimenezo ofukula sankaona chifukwa chogogoda kaye kwa eni maliro. Lamulo la America la 1990, lodziwika ndi dzina lakuti NAGPRA, ndi limene linayamba kukakamiza mayunivesite ndi nyumba zosungira zinthu zakale kukambirana ndi mafuko ndi kubweza mafupa. Komanso ine ndimaona kuti munthu akamathera nthawi yake pofunafuna ndalama ndi kuyendetsa bungwe, cholembera chimagona. Zambiri zozama za chigwachi zinalembedwa ndi anthu amene iye anawasonkhanitsa, osati iye mwini. Ena amati chimenecho n'chofooka chake. Ine ndimati ndiyo inali ntchito imene anasankha.

M'zaka za m'ma 1980 a Struever anatembenukira ku boma la Colorado, kumene anathandiza kukhazikitsa Crow Canyon Archaeological Center pafupi ndi Cortez, pa maziko omwewo a kafukufuku wa dera lonse wophatikiza akatswiri ndi anthu wamba. Anamwalira mu 2022. Ku Kampsville ophunzira akupitabe kukakumba.

Ngati mukufuna chitsanzo chimodzi chotsekera nkhani yanu, tengani agalu. Pansi penipeni pa Koster ofukula anapeza agalu oikidwa bwinobwino m'timaenje tawotawo, monga mmene munthu amaikira chinthu chimene ankachikonda. Mafupawo anasungidwa pamodzi ndi zolemba zosonyeza pamene anapezeka. Patapita zaka zoposa 40, akatswiri ena a m'badwo wina anawatulutsa n'kuwayeza ndi njira zatsopano, ndipo anapeza kuti ndi azaka pafupifupi 10,000, akale kuposa mmene owakumbawo ankaganizira. Agalu amenewa ali m'gulu la agalu akale kwambiri odziwika ku America konse.