America ili ndi mabomba a nyukiliya, nanga ikuletseranji Iran?

Wina wandilembera pa imelo kufunsa zimenezi, ndipo achimwene, mkwiyo wanuwo ndi womveka.

Pangano loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya (NPT) la mu 1968 linagawa mayiko pawiri. Amene anali ataphulitsa kale bomba tsiku la 1 January 1967 lisanafike, America, Russia (nthawi imeneyo Soviet Union), Britain, France ndi China, analoledwa kusunga zida zawo. Ena onse analonjeza kuti sadzapanga, bola aziloledwa nyukiliya ya magetsi ndi ya m'zipatala. Akuluakuluwo nawo analonjeza m'gawo 6 kuti adzakambirana zothetsa zida zawo, koma mabomba akadali nawo. India, Pakistan ndi Israel sanasaine n'komwe.

Mkangano weniweni uli pa uranium. Wokumbidwa pansi, ngati wa ku Kayelekera ku Karonga, amakhala ndi 0.7 peresenti yokha ya mtundu wa U-235, womwe ndiwo umafunika popanga magetsi ngakhalenso bomba. Amamusefa m'makina ozungulira mwaliwiro otchedwa centrifuge: wa magetsi amafika 3 mpaka 5 peresenti, wa bomba pafupifupi 90. Makinawo ndi omwewo, ndipo ntchito yaikulu imathera koyambirira, moti wofika pa 60 watsala pang'ono. N'chifukwa chake mgwirizano wa mu 2015 wa pakati pa Iran ndi mayiko akuluakulu, kuphatikizapo America, unaikira Iran malire a 3.67 peresenti ndi makilogalamu 300 basi, akatswiri a IAEA, bungwe loona za nyukiliya padziko lonse, akumayendera. America inatulukamo mu 2018, Iran n'kukwera mpaka 60 mu 2021. Anayamba kuphwanya ndani pamenepo?

Ndipo amene amatula zida amaona zakuda. Ukraine inapereka mabomba ake italonjezedwa ku Budapest mu 1994 kuti malire ake adzalemekezedwa. Mu 2014 Russia inalanda Crimea. Gaddafi wa ku Libya anasiya pulogalamu yake ya zida za nyukiliya mu 2003, mu 2011 anaphedwa. A ku North Korea, amene anatuluka mu NPT mu 2003, anaziona zonsezi. Anthu amakonda kutamanda South Africa, yomwe inaphwasula mabomba ake 6 n'kulowa m'panganoli mu 1991. Ine sindiombera m'manja kwambiri: boma la azungu linali likutha, ndipo ambiri amati silinkafuna kuti zidazo zigwere m'manja mwa ANC.

Yankho lake

Mwalamulo, Iran inasaina NPT ngati dziko lopanda bomba, choncho yamangidwa nalo, pomwe America panganolo limailola. Mukamatsatira nkhaniyi, muziyang'ana zinthu ziwiri: peresenti ya uranium, ndiponso ngati a IAEA akuloledwa kulowa m'malo osefera uranium a ku Iran, ku Natanz ndi ku Fordow.