Yankho kwa alamu pa za nkhuku zothothoka zija

Alamu, mwaswera bwanji ku Kasunguko? Pepani ndachedwa kuyankha, netiweki inali ikuvuta kuno kwa Kamwendo. Ndamva uthenga wanu uja mwaika m'gulu muno, woti pafamu ina akugulitsa motchipa nkhuku za mazira zimene zamaliza nthawi yake, ndiye mukufuna mutengeko 10 muziweta kuseri kwa nyumba, koma mukukayika poti mwaziona zothothoka nthenga. Ine ndikuti tengani. Koma mukatenga, mwezi woyamba musawerenge mazira ayi. Mwezi umenewo ndi woti nkhukuzo zipume.

Mudziwe kuti nkhuku zimenezi si zokalamba monga zimaonekera. Zofiira za haibridi zija zimayamba kuikira zili ndi masabata 18 mpaka 20, ndiye mafamu ambiri amazichotsa zikakwana masabata 72 kapena 80, chaka ndi theka basi. Mazira amakhala ayamba kuchepa, zikamba zake zayamba kupyapyala, mwini famu akawerengetsa mtengo wa chakudya amaona kuti sizikumubwezera. Koma nkhukuyo moyo ikadali nawo, ndipo pakhomo imaikirabe.

Posankha musayang'ane nthenga, zimamera zija. Yang'anani maso, akhale owala. Yotupa kumaso, yotuluka mamina, yopuma mokoka, yodetsedwa kumbuyo, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Kenako muigwire, muike zala pakati pa timafupa tiwiri takumbuyo kuja kotulukira dzira. Zikalowa zala ziwiri kapena zitatu, imeneyo ikuikirabe. Chikalowa chimodzi, inasiya.

Tsono apa ndi pamene ine ndinalakwa chaka chatha, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinatenga 8, nditangofika ndinazimasula pabwalo kuti zisangalale. Alamu, zinangoima malo amodzi padzuwa, osadziwa kupalasa, osadziwa kuthawira pamthunzi. Nkhuku yoti chibadwire sinapondepo dothi. Zachikuda zanga zinazithira nkhondo, kumajompha pamene palibe nthenga paja mpaka magazi, ndipo ziwiri zinafa sabata yomweyo. Ndiye inu muzitsekere pazokha masabata awiri athunthu, kutali ndi zachikuda zanu. Zimathandiza kuwiri: zipeze mphamvu, komanso ngati zabwera ndi matenda asafalikire khola lonse. Pansi muwazepo makoko a mtedza kapena utuchi, kwanuko makoko sasowa. Usiku mutchinge mphepo ndi masaka, chifukwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi nkhuku yopanda nthenga sikupirira. Mtengo wogonapo muuike m'munsi kwambiri, miyendo yake ndi yofooka, ikadumpha kuchokera pamwamba imathyoka. Masiku oyamba mudzazipeza zagona pansi, muzizinyamula nokha madzulo kuziika pamtengopo mpaka zizolowere.

Za chitopa musazengereze. Mufunse kufamuko kuti zinalandira liti katemera womaliza, kenako mukaonane ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, ndipo mutemere zonse, zachikuda zomwe.

Chakudya ndiye pamene ambiri amagwera. Amaganiza kuti poti nkhuku yafika pamudzi, madeya akwanira. Ayi ndithu. Imeneyi inazolowera layers mash, chakudya chogula cha nkhuku za mazira chija, ndipo imodzi imadya pafupifupi magalamu 120 patsiku. Zanu 10 ndiye kilo imodzi ndi kapang'ono, thumba la makilo 50 likufikitsani masabata pafupifupi 6. Muwerengeretu ndalama imeneyo musanapite kukagula nkhuku. Zikakhazikika mutha kumasakaniza pang'onopang'ono ndi mgaiwa, soya ndi tinsomba toswekasweka ta pamsika, koma soyayo mukazinge kaye, wamuwisi amazisokoneza m'mimba. Zikamba za mazira musataye, muziwambe pamoto, musinje, mubwezere m'chakudya, ndiye laimu wake wolimbitsa zikamba za mazira ameneyo. Kungoti musinje kwenikweni zisaoneke ngati dzira, zingaphunzire kudya mazira awo omwe. Chiwiya chodyera chikhale chakuya, paja milomo anaidula zili anapiye, kutola njere pansi zimavutika. Madzi asaphwe, makamaka mu Okutobala, ndipo akhale pamthunzi.

Ikakwana nthawi yozitulutsa, muyambe ndi madzulo, ola limodzi, inu muli pompo. Sizidziwa kabawi, sizidziwa galu. Pakona muziikire phulusa losakaniza ndi mchenga. Tsiku limene ndinaona yanga yoyamba ikugudubuzika m'phulusa, ikutambasula phiko padzuwa, ndinaitana ana onse kuti adzaone. Koma ku bedi lanu la mpiru kuja mutchinge, zikaphunzira kupalasa sizisiya kanthu. Zitosi muziunjike ziwolerane kaye, zaziwisi zimatentha mbewu.

Mazira poyamba adzasiya, musadabwe, mphamvu zonse zimapita ku nthenga. Zanga 6 zotsala zija pano zimandipatsa atatu, tsiku lina anayi. Tambala safunika kuti ziikire, komanso zimenezi kufungatira sizidziwa, ndiye za anapiye muzidalirabe zachikuda zanu.

Mukapita kokatenga mupite m'mawa kusanatenthe, ndipo musazimange miyendo n'kuzipachika chadodolido panjinga, mafupa ake ndi osalimba. Mupeze dengu lalikulu kapena makatoni oboola. Mukafika nazo munditumizire chithunzi m'gulu muno ndizione.