Ngongole ya mapropina: angaifafanize ndani, nanga mubweza bwanji?

Makalata atatu amene ndasankha ulendo uno onse akunena za ngongole yotengedwa chifukwa cha mapropina, ndalama zolipirira sukulu. Ndawadula kuti afupike, koma manambala ndawasiya momwe eni ake anawalembera.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe akufunsa: Ndinatenga 60,000 MT ku kampani ina yobwereketsa ndalama anthu ogwira ntchito m'boma, kuti ndilipirire mwana wanga ku yunivesite ku Tete. Amandidula 3,543 MT pa malipiro mwezi ndi mwezi, kwa miyezi 24. Ndalipira miyezi 10, koma akuti ngongole ikadali pafupifupi 40,000 MT. Kodi sakundibera? Chinanso, pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti boma likukhululuka ngongole za ophunzira, ndipo wofuna kulembetsa atumize 500 MT pa M-Pesa. Nditumize?

Aphunzitsi, 500 MT imeneyo muguliretu sopo ndi mchere, musatumize. Nkhani yokhululuka ngongole za ophunzira imene imazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook inachokera ku America. Mu Ogasiti 2022 pulezidenti Joe Biden analengeza kuti boma lake lifafaniza mpaka madola 10,000 pa ngongole ya munthu mmodzi, ndi mpaka madola 20,000 kwa amene analandirapo thandizo la ophunzira osauka lotchedwa Pell Grant. Khoti lalikulu la dzikolo linakana dongosololi mu Juni 2023. Komweko kuli dongosolo lina la m'chaka cha 2007, limene limafafaniza ngongole yotsala ya munthu wogwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe osapanga phindu, koma akayamba walipira kwa miyezi 120, zomwe ndi zaka khumi. Zonsezi zimakhudza ndalama zimene boma la America linabwereketsa lokha kwa ophunzira ake. Akuba amangotola mutu wa nkhaniyo, n'kuikapo chizindikiro cha boma lathu ndi nambala yawo ya foni.

Ngongole amakhululuka ndi mwini ndalama. Inu simunabwereke ku boma. Boma limangodula pa malipiro anu n'kupereka kwa kampaniyo, monga mtumiki chabe, ndipo silingafafanize ndalama za eni ake. Uthenga uliwonse wofuna kuti muyambe mwalipira kuti mukhululukidwe, wopereka nambala ya munthu m'malo mwa akaunti ya ofesi, kapena wopempha PIN ndi kanambala kamene kamabwera pa SMS, muufufute osayankha.

Tsono za 40,000 MT ija. Ndawerengera, ndipo manambala anu akugwirizana ndi chiwongoladzanja cha 3 peresenti pa mwezi chowerengedwa pa ngongole yotsala. Mwezi woyamba, 3 peresenti ya 60,000 ndi 1,800 MT. Ndiye pa 3,543 MT imene anakudulani, 1,800 inapita ku chiwongoladzanja, ndipo 1,743 yokha ndiyo inachepetsa mutu wa ngongole. Mwezi wachiwiri mutu utatsikako pang'ono, chiwongoladzanja chinatsikanso pang'ono, n'kumapita choncho. Pofika mwezi wa khumi mwapereka pafupifupi 35,400 MT, koma yopita ku mutu ndi 20,000 basi. Sikuba ayi, ndi momwe ngongole zamtunduwu zimayendera: chiwongoladzanja chimadya kwambiri kumayambiriro. Mukamaliza miyezi 24 mudzakhala mutabweza pafupifupi 85,000 MT. Kaya imeneyo ndi ngongole yotchipa kapena yodula ndi nkhani ina. Ine ndinena kuti njodula, chifukwa 3 peresenti pa mwezi ndi 36 peresenti pa chaka.

Pitani ku ofesi yawo mukapemphe pepala lotchedwa plano de amortização. Limaonetsa mwezi uliwonse pa mzere wake: ndalama yopita ku mutu, yopita ku juros (chiwongoladzanja), ndi yotsala. Muyang'anenso ngati pali komishoni, inshuwalansi ya moyo ndi msonkho wa selo zimene anadula tsiku lomwe munalandira ndalama. Ambiri amasainira 60,000 koma m'akaunti mumalowa yochepa, ndipo chiwongoladzanja amalipira pa 60,000 yonseyo.

Funso lachiwiri kwa iwo likhale la kulipira msanga, amati amortização antecipada, ndi chindapusa chake ngati chilipo mu kontilakiti yanu. Taonani phindu lake. Mutati mwagulitsa soya kapena nyemba n'kupeza 10,000 MT lero, n'kuiponya pa mutu wa ngongole, yotsala ikhala pafupifupi 30,000. Mukapitiriza kudulidwa 3,543 MT yomweyo, mumaliza m'miyezi 10 m'malo mwa 14, ndipo mupulumutsa ndalama zopitirira 4,000 MT. Koma pali pamene anthu amaphonya. Mukangoika ndalamayo osalemba kalata, ena amaitenga ngati mwalipiriratu miyezi ya kutsogolo, mutu wa ngongole osatsika. Lembani kalata yonena kuti ndalamayi ikachepetse mutu, ndiponso kuti mukufuna miyezi ichepe osati ndalama ya pa mwezi. Sungani kope lodindidwa, ndipo pemphani plano yatsopano. Ngongole ikatha, katengeni kalata yotsimikiza kuti mwamaliza ndipo muonetsetse kuti ku ofesi ya malipiro asiya kudula, chifukwa kudula kumatha kupitirira mwezi umodzi kapena iwiri chikalata chisanafike, ndipo kulondola ndalama yodulidwa molakwika kumatha nsapato.

Chenjerani ndi amene adzakuimbireni foni kuti, "Aphunzitsi, mwalipira bwino, tikuonjezereni." Amatseka ngongole yakale ndi yatsopano, n'kukupatsani kotsala m'manja, miyezi n'kuyambanso pa chiyambi, pomwe paja chiwongoladzanja chimadya kwambiri. Kutalikitsa nthawi nakonso kuli ndi mtengo wake. 60,000 MT yomweyo pa miyezi 36 imatsitsa malipiro a pa mwezi kufika 2,748 MT, koma pomaliza mumabweza pafupifupi 98,900 MT, kuonjezera 13,900 pamwamba pa 85,000 ija. Kutalikitsa n'koyenera pokhapokha ngati pakhomo pakusowadi ufa. Muyezo umene ndimalangiza ndi woti ngongole zonse pamodzi zisadye kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro amene mumalandira m'manja.

Mukapeza kuti zodulidwa sizikugwirizana ndi kontilakiti, yambani ndi dandaulo lolemba ku kampani komweko. Akapanda kukuyankhani, pitani nalo ku Banco de Moçambique, yomwe imayang'anira mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama, mutanyamula kontilakiti, plano ndi mapepala a malipiro anu.

Mayi wa ku Tsangano akufunsa: Ndimagulitsa kachewere, ndipo pa thumba ndimapindula ngati 300 MT. Mwana wanga wamkazi akuphunzira madzulo ku Tete, amalipira 4,000 MT pa mwezi. Tinatsalira miyezi iwiri ndi multa (chindapusa), ndiye ndinatenga 10,000 MT kwa wakatapila, ndimamupatsa 3,000 mwezi uliwonse. Ndapereka kanayi koma akuti 10,000 ija ikadali yonse. Ndamva kuti boma limapereka bolsa, thandizo lolipirira maphunziro. Kodi ingandithandize kubweza?

Mayi, bolsa siibweza ngongole yakale. Imalipira maphunziro a kutsogolo a mwana amene wasankhidwa, ndipo wakatapila sadzaonako ndi khobidi lomwe. Tiyambe ndi moto umene wayaka kale.

Mwapereka 12,000 MT pa ngongole ya 10,000 ndipo simunayambe n'komwe kuibweza. 3,000 pa 10,000 ndi 30 peresenti pa mwezi, kuwirikiza kakhumi ngongole ya aphunzitsi aja imene ndati njodula. Mwa kuwerengera kwanu komwe, phindu la matumba khumi a kachewere mwezi uliwonse likupita kwa munthu amene sanapalire kapena kusenza. Mukaonjeza 4,000 ya sukulu, mukufunika kugulitsa matumba opitirira 23 musanagule n'komwe ndiwo. Bizinesi yaing'ono ikafika apa imayamba kudya mpamba, ndipo mwini amazindikira tsiku lomwe wafika kwa alimi n'kupeza kuti akwanitsa matumba asanu okha pomwe ankatenga khumi ndi asanu.

Katapila aphedwe kaye, ndipo aphedwe pa mutu. Ngati muli m'gulu la xitique (chipereganyu), pemphani anzanu kuti ulendo wanu ubwere msanga, ndalama yonseyo ipite ku mutu wa ngongole. Ngati muli m'gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama, kubwereka kumeneko kuti mutseke katapila n'kwanzeru malinga ngati chiwongoladzanja chake chili chotsika kwenikweni ndipo mukudziwa mwezi umene mudzamalize. Kugulitsa mbuzi ziwiri lero kukuposa kudyetsa katapila miyezi ina inayi. Mbewu yodzala yokha ndi ndalama ya feteleza musazikhudze. Pokapereka, musapite nokha. Tengani anyakwawa kapena sekeletale wa bairro, palembedwe pepala lonena ndalama imene mwapereka ndi yotsala, onse asaine. Mukhozanso kumupempha pamaso pa mboni zomwezo kuti, poti walandira kale 12,000, juros aime ndipo mutsirize mutu m'magawo. Akhoza kuvomera, pakuti kubwereketsa ndalama ngati bizinesi kumafuna chilolezo cha Banco de Moçambique, ndipo wopanda chilolezo safuna kuti nkhani ipite patali.

Za kusukulu, mwana apite ku secretaria ndi requerimento yopempha kulipira zotsalira m'magawo, multa isanakule. Kubisala n'kumene kumaononga. Ngati mwaona kuti chaka chino sizitheka, alembe kalata yoimitsa matrícula mwalamulo ndipo asunge kope. Wongosiya kupita ku kalasi dzina lake limakhalabe m'kaundula, miyezi imawerengedwabe, ndipo tsiku lomwe adzafune kubwerera kapena kutenga chikalata cha mamakisi ake adzapeza ngongole ya maphunziro amene sanaphunzire.

M'masukulu a boma, monga UniZambeze, UniPúnguè ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, maphunziro a masana ndi otsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi a madzulo amene amati pós-laboral. Ngati mwanayo sali pa ntchito masana, afunse njira yolowera ku maphunziro a masana amene amati laboral, ngakhale zitafuna kulembanso mayeso olowera. UniZambeze ili ndi fakudade ya zaulimi ku Ulongwe komweko, ndipo kwa banja la ku Tsangano kuyandikira kumeneku kumachepetsa ndalama ya thiransipoti ndi ya chakudya, poti ufa ndi nyemba zimachokera pakhomo. Bolsa za boma zimadzera ku Instituto de Bolsas de Estudo, yomwe imatulutsa edital yonena oyenera kupempha, mapepala ofunika ndi tsiku lotsekera. Konzeranitu BI yosatha ntchito, satifiketi ya 12ª classe ndi zikalata zoonetsa kapezedwe ka banja, pakuti ambiri amagwa chifukwa pepala limodzi lachedwa ku boma. Muwerengenso bwino zimene bolsayo ikufuna kwa mwana: kaya ndi kukhoza chaka ndi chaka, kaya pali chobweza akamaliza.

Bambo wa ku Moatize akufunsa: Kwathu ndi ku Ntcheu, ku Malawi. Ndinaphunzira ku yunivesite ya boma kumeneko ndi ngongole ya boma, ndipo tsopano ndikugwira ntchito kuno. Sindinalipireko. Poti ndili kunja, kodi ngongoleyi siinafe?

Achimwene, kuoloka pa Zóbuè kapena pa Biriwiri sikupha ngongole. Yanuyi ndiye ya boma yeniyeni, ndipo imatoleredwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2015 ndipo linatenganso ngongole zakale za ophunzira. Kumeneko olemba anthu ntchito amayenera kudula pa malipiro a amene anatenga ngongoleyi. Bwana wanu wa ku Moatize sali pansi pa lamulo la Malawi, n'chifukwa chake palibe wakudulani, koma dzina lanu lili m'buku. Vuto lidzatulukira tsiku lomwe mudzabwerere n'kufuna ntchito kapena ngongole ya ku banki yomangira nyumba.

Muli ndi mwayi umene anzanu olandira makwacha alibe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene metikali nthawi yomweyo inakhazikika pafupi ndi 64 pa dola. Ngongole yanu njolembedwa m'makwacha, choncho kwa wolandira metikali yapepuka. Lemberani bungwelo mupemphe kalata yoonetsa ndalama yonse imene muli nayo lero, kuphatikizapo chiwongoladzanja ndi chindapusa ngati zilipo, potchula dzina limene munalembetsa, nambala yanu ya ku yunivesite ndi zaka zimene munaphunzira. Muyerekeze ndi zimene mukukumbukira kuti munasainira, chaka ndi chaka. Mukagwirizana nawo za kalipiridwe, ikani ndalama mu akaunti imene bungwelo lakupatsani polemba, osati kwa munthu wodzitcha ejenti wake. Ngati mukutuma m'bale ku Ntcheu kapena ku Dedza kuti akakuikireni ku banki, pa silipi palembedwe dzina lanu ndi nambala yanu, osati zake, ndipo akutumizireni chithunzi cha silipiyo tsiku lomwelo. Mukamaliza, pemphani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, muisunge pamodzi ndi digiri yanu.