Mwana wa Fomu 3 asasiye masamu

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kulola mwana wanu wa Fomu 3 kusiya masamu, popeza iye akuti alibe mutu wake, ndipo inu mukuganiza kuti ndi zakumtundu chifukwa nanunso ankakuvutani kusukulu. Ndikupemphani kuti musamulole, koma ndiyambe ndi inuyo.

Munthu aliyense amene ankadyetsa banja mu Harare muno m'chaka cha 2008 anachita masamu olemera kuposa amene ali m'buku la mwana wanuyo. Chifukwa cha kukwera koopsa kwa mitengo, banki yaikulu ya Zimbabwe inachotsa maziro 3 pa ndalama mu 2006, maziro 10 mu Ogasiti 2008, ndi ena 12 kumayambiriro kwa 2009, nthawi imene pepala limodzi linafika pa madola 100 thiriliyoni. Amayi ogulitsa tomato pa msika wa Mbare Musika, ena mwa iwo osapita patali ndi sukulu, ankasintha mitengo m'mawa ndi madzulo, akuwerengera mumtima ngati ndalama ya lero idzakwanira kuoda katundu mawa. Kenako kunabwera ndalama zina zatsopano: mabondi mu 2016, RTGS mu 2019, ndi ZiG mu Epulo 2024. Ngakhale lero, mukamatumiza madola kwa abale ku Malawi, mumadziwa musanafike pawindo kuti akadula yawo otumizawo, abalewo alandira makwacha angati. Amene amakwanitsa zimenezi sanganene kuti m'banja mwake mulibe mutu wa masamu.

Chimene chimachitika n'chakuti mwana wamng'ono amakonda kuwerenga zinthu, ndipo mukamuonetsa bawo amagwira msanga. Vuto limayambira kumapeto kwa pulayimale, makamaka pa mafulakishoni ndi madesimo, koma limabisala chifukwa mwana amatha kuloweza njira n'kukhoza mayeso a Giredi 7 asanamvetse chimene akuchita. Akafika ku sekondale, pamene zilembo monga x ndi y zimalowa m'malo mwa manambala, kuloweza kumasiya kugwira ntchito. Masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere umodzi ukapindika pansi, umaonekera pamwamba patapita nthawi. M'kalasi modzaza ana, mphunzitsi amene akuthamangira kumaliza silabasi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha mwana mmodzi, ndipo mwanayo akasekedwa kawiri pabolodi amasankha kukhala chete. Kunena kuti alibe mutu kumamupepukira kusiyana ndi kuvomera kuti akuchita mantha ndi manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa akakula amabwerera ku masamu osadandaula. Mmisiri amawerengera matumba a simenti, telala amayeza nsalu, ndipo m'magulu athu othandizana pa maliro ku Highfield ndi ku Mufakose mumapeza agogo akusunga buku la zopereka mosaphonya ndi senti yomwe. Kumeneko palibe wowathamangitsa ndi wotchi, ndipo amadziwa chifukwa chake akuwerengera.

Tsoka lake n'lakuti satifiketi imafunika munthu akadali wamng'ono. Maphunziro ambiri a ku Harare Polytechnic ndi m'makoleji a uphunzitsi amafuna kuti munthu akhoze maphunziro 5 a O Level (mayeso a kumapeto kwa Fomu 4) ndi giredi C kapena kuposa, kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu. N'zoona kuti bungwe la mayeso la ZIMSEC limalembetsa mayeso mu Juni ndi mu Novembala, kotero wolephera akhoza kubwereza, koma kubwereza uli pantchito kapena uli ndi ana n'kowawa, ndipo ndalama yake si yochepa.

Choncho musanalipire aphunzitsi apadera, bwerekani mabuku a Giredi 6 ndi Giredi 7, ndipo wina wodekha akhale naye kufikira apeze pamene anasochera. Nthawi zambiri amakhala mafulakishoni omwe aja kapena manambala a mainasi, kutanthauza a pansi pa ziro. Mphindi 30 tsiku lililonse zithandiza kuposa maola 4 Loweruka lokha. Muzimupatsanso kuti aziwerengera bajeti ya pakhomo m'madola ndi mu ZiG. Ndipo pamaso pake, mayi, musabwerezenso mawu akuti nanunso masamu anakukanikani, chifukwa iye akuwamva ngati chilolezo.